Sikirabu ya shuga wa bulawuni yandidetsa maondo, ndalakwitsa pati?

Funso lachokera kwa mtsikana wina wa ku Chilomoni, akuti: "Anti, ndinaonera pa TikTok kapangidwe ka sikirabu ya shuga wa bulawuni. Ndinasakaniza shuga, mafuta ophikira ndi mandimu awiri ndipo ndakhala ndikukhula maondo, zigongono ndi m'khwapa tsiku lililonse kwa masabata awiri. Panopa khungu likuyabwa komanso maondo m'malo moyera angoderatu. Mwezi wamawa ndikuperekeza ukwati wa mnzanga, diresi yake ndi yaifupi. Ndiuzeniko kapangidwe koyenera."

Asisi, choyamba botololo liikeni kaye pansi, lero lomwe. Zotsalazo katayeni, musachite nazo chisoni kuti shuga wadula. Kwa masabata awiri akubwerawa khungu lanu lisaone sikirabu, chinkhupule, kasaka kosambira kapena mwala. Madzi ofunda pang'ono, sopo wosambira wamba wopanda fungo lamphamvu, mukatuluka m'bafa Vaseline thupi lisanaumiretu, basi. Kuyabwa mukunenako ndi khungu limene likudandaula kuti lasupuka, kungoti mabala ake ndi ang'onoang'ono simungawaone ndi maso. Mukaona matuza, kutupa kapena pena pakutuluka madzi, pamenepo si za ku saluni ayi, pitani kuchipatala, ku Queens kuli mbali yoona za khungu ndipo kwa inu a ku Chilomoni si patali.

Tsono tiyeni tikambe za shugayo, chifukwa apa mpamene atsikana ambiri obwera ku saluni kwanga amagwera, ndipo mavidiyo aja sanena. Shuga wa bulawuni amene mumamuona m'mavidiyo a ku America kapena ku UK si yemwe timathira mu tiyi kuno. Wawo uja ndi wofewa, timibulu take ndi tating'ono, ndi wachinyezi, ukamufumbata m'manja amagwirana ngati mchenga wonyowa. Nthawi zambiri amakhala shuga woyera amene amubwezeranso manyuchi a mzimbe aja amati molasesi, ndiye amakhala ngati wamatidwa. Wathu wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, wa m'mapaketi a 1kg timagula pa okalayu, mtundu ndi wa bulawuni inde koma timibulu take ndi tatikulu, touma, tolimba, ta makona. Muthireni m'mbale ya chitsulo mumve mmene amalirira. Kenako tapani pang'ono mutikite kuseri kwa dzanja, mumva kukanda. Ndiye munthu wa m'vidiyo akamatikita mwamphamvu akumwetulira, inu n'kumatsanzira mphamvu yomweyo ndi shuga wathuyu, zili ngati iye akupukuta ndi nsalu inu mukupala ndi sandipepa.

Sindikuti shuga wathu ndi woipa, ine ndimagwiritsa ntchito yemweyo, koma ndimayamba ndamusinja. Kamtondo kakang'ono ka kukhitchini kaja, kusinja mopepuka mwina kwa mphindi imodzi, mpaka afanane ndi mchere wa m'paketi. Asafike pokhala ufa ngati wothira pa keke, akatero angosungunuka ndi madzi ndi thukuta osagwira ntchito. Opanda mtondo muikeni pa nsalu yoyera, pindani, mugubuduzepo botolo. Okhala ndi bulenda masekondi ochepa akwana. Koma chonde kamtondoko kakhale kotsuka bwino ndi kouma. Kasitomala wanga wina anasinjira shuga m'kamtondo kamene dzulo lake anasinjiramo kambuzi, ndipo zimene zinachitika m'bafa mwake anandifotokozera akuseka koma tsiku limenelo sanaseke, akuti anatuluka ndi chitenje chokha kukaima pa mpopi wapanja.

Kuti mumvetse chifukwa chake tsiku lililonse ndi kulakwa, dziwani kuti khungu limadzisintha lokha. Pansi limapanga maselo atsopano, amakwera pang'onopang'ono, akafika pamwamba amakhala atafa ndipo amayoyoka okha. Kwa munthu wachinyamata ulendo umenewu umatenga masiku pafupifupi 28, tikamakula umachedwerapo. Kutuwa kumene timakuona mu June ndi July, miyendo ili mbuu ngati wagwa m'phulusa, ndi maselo akufa amenewa atauma ndi kutukuka m'mbali, ndipo pa khungu lakuda amaonekera kwambiri. Ntchito ya sikirabu ndi kungothandiza kuchotsa amene atsala pang'ono kugwa kale. Koma chikopa chapamwambachi si litsiro chonse, ndi mpanda umene umasunga madzi m'thupi ndi kutchinga tizilombo. Mukachotsa akufawo Lolemba, Lachiwiri mulibenso choti muchotse, mukukhula mpanda weniweniwo. Inu mwachita zimenezo ka 14 motsatizana.

Ndipo khungu lathu lakudali lili ndi khalidwe lake. Likapwetekedwa limayankha popanga melanini wambiri, uja amatipatsa mtunduyu. Taonani pamene munalumidwa ndi udzudzu n'kukanda, kapena pamene munafinya chiphuphu, pamatsala kadontho kakuda miyezi. Maondo ndi zigongono zimada pa chifukwa chomwecho, zimakhudzana ndi zinthu tsiku ndi tsiku, kugwada pokolopa, kugwada kutchalitchi, kugwadira apongozi, kutsamira pa desiki ku ofesi. Khungu la pamenepo ndi lokhuthala komanso lopindikapindika, mukaongola mwendo limasonkhana pamodzi n'kuoneka lakuda kwambiri, mukapinda bondo limawalako. Si litsiro. Ndiye mukamalikhula kuti liyere, ilo limamva ngati nkhondo yakula, limaonjezera kukhuthala ndi kuda. Ndi zimene zakuchitikiranizo.

Mandimu ndiye anabwera kudzamaliza. Madzi a mandimu ndi asidi wamphamvu, pa muyeso wa pH ali cha pa 2 pomwe khungu limakhala cha pa 5, ndipo mwawathira pa khungu losupuka kale. Kuonjezera apo zipatso za mtundu wa mandimu, makamaka m'makoko mwake, muli zinthu zimene zikakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa zimawotcha, pamatuluka zigamba zakuda ngati wapsa ndi nsimbi, zina zimatha miyezi yambiri zisanazilale. Dzuwa la ku Blantyre la mu October mukulidziwa. Chimodzimodzi soda wophikira therere ndi mankhwala otsukira mano, ndimaona anthu akulangizana m'magulu a WhatsApp kuti thiranimo, ayi musathiremo. Sinamoni nayenso amawotcha anthu ambiri.

Pali nkhani ina imene imayenda yoti shuga ali ndi glycolic acid ndiye amayeretsa. Zoona zake n'zakuti asidi ameneyu amapezeka mu mzimbe, koma shuga wa m'paketi ndi shuga basi, mulibe asidi woti n'kusintha khungu. Enanso amati poti shuga wa ku Malawi amathiramo vitamini A ndiye kuti adyetsa khungu. Vitamini ameneyo anaikidwamo kuti tidye, makamaka ana, ndipo ndi wochepa zedi, pa mphindi ziwiri zimene ali pamwendo panu asanatsukidwe palibe chimene angachite. Ubwino weniweni wa shuga ndi umodzi, amasungunuka. Akakumana ndi madzi makona ake amafafanizika, ndiye pamene mukutikita iye akunka nafewa, mosiyana ndi mchenga kapena khofi wogaya amene amakanda mpaka mutasiya nokha. Komanso saluma pa kabala ngati mchere. Kufewa kumene mumamva mukatuluka m'bafa, theka lake lalikulu ndi ntchito ya mafuta.

Kapangidwe kake nkosavuta mpaka mukhumudwa. Masupuni aakulu 4 a shuga wosinja, masupuni aakulu 2 a mafuta, mukafuna kasupuni ka tiyi kamodzi ka uchi. Thirani shuga m'kambale kouma, mafuta muzithira pang'onopang'ono mukutakasa, mulekeze pamene zafanana ndi mchenga wonyowa, zoti mukatapa ndi supuni zikugwirana koma mafuta sakuyenderera. Zikachita madzimadzi onjezani shuga, zikamayoyoka onjezani mafuta. Muyeso umenewu ukukwana thupi lonse kamodzi, ndipo ine ndimakonda kuti anthu azipanga wa tsiku limenelo basi. Ofuna wosunga ndi kapu imodzi ya shuga ku theka la kapu ya mafuta.

Pa mafuta mpamene anthu amaonongera ndalama. Mafuta a mpendadzuwa, omwewa ophikira, ndi abwino kwambiri pakhungu ndipo sindikunena mongokutonthozani. Ofufuza a ku yunivesite ya Sheffield ku England anayerekeza mafuta a mpendadzuwa ndi a olivi pakhungu la anthu akuluakulu, zotsatira zinatuluka mu 2013, ndipo anapeza kuti a mpendadzuwa amasunga mpanda wa khungu uja pomwe a olivi, odulawo, amaufooketsa. Ndiye musachite manyazi ndi botolo la kukhitchini, bola werengani kuti alembapo mpendadzuwa, ndipo akhale atsopano. Osati otsala pokazinga chambo kapena oyeza m'timapepala ta pamsika amene simukudziwa kuti akhala padzuwa masiku angati. Mafuta a kokonati amanunkhira bwino ndipo miyendo imawakonda, koma amatseka timabowo ta khungu kwa anthu ena, ngati mumatuluka ziphuphu kumsana ndi pachifuwa apewereni kumeneko. Komanso amagwirana kukazizira, kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24 amalimba, ndiye mu June sikirabu yanu muipeza ili gwa ngati sopo, muyambe mwaika botolo m'madzi ofunda. A malambe ndi a makademiya ndi abwino ngati thumba likulola. A nsatsi okha ndi olemera, amamata ngati ulimbo, ngati mukuwafuna thirani kasupuni kamodzi m'mafuta ena. Uchi ndi wongoonjezera, umakoka chinyezi, koma ukhale uchi weniweni, poti wina wogulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu ndi shuga wophika, ndiye mukhala mwathira shuga mu shuga.

Musanapake thupi lonse yesani kaye mkati mwa mkono, malo aang'ono ngati ndalama yachitsulo, tsukani, dikirani tsiku limodzi kapena awiri. Pakapanda kufiira kapena kuyabwa pitirizani.

Pakagwiritsidwe, yambani mwasamba ndi sopo monga mwa masiku onse, madzi ofunda osati otentha oti n'kusosolera nkhuku. Khungu likhale lonyowa ndipo lafewa. Tapani sikirabu ndi supuni youma, ikani m'manja, muzitikita mozungulira ndi nsonga za zala, mphamvu yake ngati mukudzoza mwana wakhanda. Malo amodzi masekondi 30 akwana, thupi lonse lisapitirire mphindi zitatu kapena zinayi. Pamaondo ndi pazigongono mpamene mtima umafuna kukanikiza, ndiye mpamene muyenera kudziletsa. Tsukani ndi madzi okha, musabwerezenso sopo chifukwa muchotsa mafuta amene mumawafunawo, dzipukuteni mogunditsa thaulo osati mokhula, kenako dzolani nthawi yomweyo. Loshoni wosakaniza ndi gilisalini pang'ono, pamaondo ndi kuzidendene Vaseline pamwamba. Kamodzi pa sabata. Amene khungu lawo ndi lolimba kawiri, osapitirira apo, ndipo tsiku la sikirabu chinkhupule chipume, si zophatikiza.

Samalani pansi. Mafuta pa simenti yosalala kapena pa matailosi ndi ngozi, ine ndinagwapo chagada m'bafa mwanga ndowa n'kundigubudukira, chiuno chinandipweteka sabata yathunthu. Ngati bafa ndi logawana ndi anzanu apa lendi, mukatha thirani madzi a sopo wa ufa mutsuke, agogo a nyumba inayo asadzathyoke mwendo chifukwa cha kukongola kwanu. Ndipo shuga wotayikira pansi m'mawa mupeza nyerere zachita msonkhano.

Wosunga uja mdani wake ndi madzi. Shuga ndi mafuta zokha m'botolo louma lotseka bwino zimatha mwezi bwinobwino, koma mukangolowetsamo zala zonyowa shuga amayamba kusungunuka, pansi pamachita manyuchi, kenako chuku. Botolo lisamakhale m'bafa, muzitapa wa tsikulo m'kambale. Likayamba kununkha ngati mafuta akale a chipisi, tayani. Mukathiramo zaziwisi monga mapeyala, papaya kapena yogati, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo, ngakhale mu firiji musadalire.

Kumaso ine ndimakana. Ngakhale wosinja, shuga wathu ndi waukali pa khungu la kumaso, ndipo pa ziphuphu ndiye amangozibalalitsa n'kusiya madontho. Kumaliseche ayi ndithu, shuga kumeneko amaitana kuyabwa. Pamene mwangometa kumene ayi, ngati mukufuna kuchepetsa tiziphuphu totuluka mukameta chitani sikirabu dzulo lake, kumeta mawa. Pa zipere, mphere, nsungu, chilonda, kapena khungu lodwala lija limauma n'kumayabwa m'mapindiko a mikono ndi kuseri kwa maondo, musayandikizepo, zipere mumachita kuzifesa thupi lonse. Amene khungu lawo silichedwa kunyanyuka angayese oats wogaya woviika m'madzi m'malo mwa shuga. A matenda a shuga musaope kuti shuga wopaka alowa m'magazi, salowa, koma mapazi anu musamakhule ndi chilichonse chifukwa kabala kakang'ono kumapazi kamachedwa kupola ndipo mwina simungakamve n'komwe. Ming'alu ya kuzidendene nayonso sikirabu siitha, imafuna kuviika mapazi, mwala pang'ono, Vaseline ndi sokosi usiku, masiku ambiri.

Funso limene ndimafunsa aliyense asanagone pa bedi la ku saluni, ndipo ndikufunsani inunso, ndi loti kodi mukudzola mafuta oyeretsa khungu? Ambiri amakana, koma zala zimawaulula, mfundo za zala zili bii pomwe dzanja lili mbee. Ambiri mwa mafuta amenewa muli mankhwala amphamvu monga hydroquinone ndi ma steroid ngati clobetasol, ndipo ma steroid akadzoledwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera. Mayi wina anandibisira, nditangomutikita pang'ono pa ntchafu khungu linachita mizere yofiira ngati wakwapulidwa, ndinasiyira pomwepo. Ngati mukudzola zimenezi sikirabu si yanu, ndipo maondo akuda kwambiri poyerekeza ndi miyendo nthawi zambiri gwero lake limakhala lomwelo. Kusiya kwake kumafuna malangizo a dokotala wa khungu chifukwa ukasiya mwadzidzidzi khungu limalusa.

Za m'khwapa mwatchulazo ndiimepo pang'ono. Kuda kwa m'khwapa kawirikawiri kumabwera ndi lezala, mafuta oletsa fungo amene sakukuyanjani, ndi zovala zothina. Koma ngati kudako kuli kokhuthala, kosalala ngati veleveti, ndipo kuliponso kuseri kwa khosi ndi m'mphechepeche, kumene anthu amakunena kuti susamba m'khosi, chimenecho nthawi zina ndi chizindikiro choti thupi likuvutika ndi insulini, timadzi timene timayendetsa shuga m'thupi, kutsogolo kwake ndi matenda a shuga. Madokotala amakutcha acanthosis nigricans. Ungakhule mpaka magazi sikuchoka. Kukayezetsa shuga wa m'magazi ndi kobaya kamodzi pa chala, ngati kwanu kuli odwala shuga kapena thupi lakwera posachedwa kayezetseni.

Tsono za ukwatiwo, ndisakunamizeni, mwezi umodzi maondo sabwerera mwakale kwathunthu. Kuda kobwera ndi kupwetekedwa kumazilala pang'onopang'ono, miyezi itatu, isanu ndi umodzi, nthawi zina kupitirira. Chimene tingakwanitse pofika tsikulo ndi maondo osalala, osatuwa, owala, ndipo pa chithunzi bondo lakuda lonyezimira limaoneka bwino kutalitali kuposa lotuwa. Masabata awiri oyamba mupume monga ndanena, Vaseline m'mawa ndi usiku, pokolopa gwiritsani mopu kapena gwadirani pa thaulo lopinda, ndipo mukamayenda padzuwa maondo aphimbike kapena muwapake sanisikirini, mafuta oteteza khungu ku dzuwa aja, poti dzuwa limakhwimitsa madontho. Sabata yachitatu, ngati kuyabwa kwatheratu, chitani sikirabu yofatsa ija kamodzi, m'khwapa musakhulemo. Yomaliza ikhale Lachitatu ngati ukwati uli Loweruka, osati Lachisanu usiku, kuti ngati pena pafiira papeze nthawi yozizira. Loweruka m'mawa loshoni, kadontho ka mafuta pa msongolo ndi pamaondo, ndipo ngati mtima sukukhazikikabe uzani wokuphodani akupakeni faundeshoni pang'ono pamaondopo, timachita zimenezi pafupifupi ukwati uliwonse. Ingomukumbutsani aiumitse ndi paudala isadetse diresi ya eni ake pogwada popereka keke.